Akangaude osakwana milimita imodzi amene amaluka ukonde wathunthu

M'miyezi ya chiperoni, Juni ndi Julayi, munthu akamadutsa m'minda ya tiyi ku Mulanje kapena ku Thyolo m'mamawa amaona maukonde a akangaude atayera ndi mame pamwamba pa tiyi ndi m'mipanda. Ena ndi aakulu zedi, ulusi wake wonkera kuchikasu, mwini wake wamiyendo italiitali ali phee pakati. Amenewo tonse timawadziwa. Koma luso lomwelo loluka ukonde wozungulira alinso nalo akangaude ena amene ambirife sitidzawaonapo moyo wathu wonse, chifukwa ambiri mwa iwo thupi lonse silikwana milimita imodzi. Banja lawo akatswiri amalitcha Symphytognathidae.

Tengani lula ya mwana wasukulu, muyang'ane timizere tating'onoting'ono tija. Mpata wa pakati pa timizere tiwiri ndiwo milimita imodzi. Wamwamuna wa mtundu wotchedwa Patu digua, wa ku Colombia, kutalika kwake ndi mamilimita 0.37. Ndiye kuti awiri atatsogozana akhoza kulowa mumpata umenewo, malo n'kutsalako. Kameneka si kamwana kongoswa kumene ayi, ndi kangaude wamkulu wotha kubereka, wa miyendo isanu ndi itatu, mimba, ubongo ndi tiziwalo totulutsa ulusi.

Amene anayamba kulemba za banjali ndi V. V. Hickman mu 1931, atapeza mtundu wina pachilumba cha Tasmania ku Australia, womwe anautcha Symphytognatha globosa. Lero mitundu yodziwika ya banjali ndi pafupifupi 100 chabe, pamene akangaude onse olembedwa padziko lapansi anapitirira mitundu 50,000 mu 2022. Yambiri imapezeka m'mayiko otentha ndi amvula yambiri, komanso chakummwera kwa dziko. Muno mu Africa alimo. Ku Congo kuli Anapistula benoiti. Ku South Africa kuli Symphytognatha imbulunga, amene Charles Griswold analemba mu 1987. Ku Côte d'Ivoire kuli Anapistula caecula, amene wamkazi wake ndi pafupifupi theka la milimita, ndipo analembedwa mu 1993 ndi Léon Baert ndi Rudy Jocqué a ku Belgium. Jocqué yemweyu phiri lathu la Mulanje amalidziwa: kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anakwera ku Lichenya, pamwamba pa phirilo, kukatolera akangaude, ndipo kangaude wina wa m'Malawi muno, wa banja lina, anapatsidwa dzina lake, Xevioso jocquei.

Chimene chimandigwira mtima pa tizilomboti n'chakuti, kuti tichepe chonchi, tinasiya ziwalo zambiri zimene kangaude wamba ali nazo, koma ntchito yoluka sitinasiye.

Tiyambe ndi kupuma. Akangaude ambiri ali ndi mapapo kunsi kwa mimba, opangidwa ndi timasamba topyapyala tambirimbiri tosanjikizana, ndipo magazi amatenga mpweya akamadutsa mmenemo. A banja la Symphytognathidae mapapo otere alibe. M'malo mwake ali ndi timapaipi tosaoneka ndi maso tomwe timalowetsa mpweya m'thupi mwachindunji. Thupi likachepa kwambiri, mtunda woti mpweya uyende umafupika, ndiye timapaipito timakwanira. Maso nawo anachepa. Kangaude wamba ali ndi maso asanu ndi atatu, koma awa ambiri ali ndi asanu ndi limodzi kapena anayi, ndipo ena okhala m'mapanga alibiretu. Nsagwada ziwiri zolumira, zomwe mwa akangaude ena zimayenda chilichonse pachokha, mwa awa n'zolumikizana. Ndiye pali timanja tiwiri ta pafupi ndi kamwa. Wamwamuna ali nato, chifukwa ndi timene amanyamulira mbewu yake kukapereka kwa wamkazi. Wamkazi alibe, panangotsala kachitsa chabe. Ngakhale mazira amaikira ochepa kwambiri, pomwe akangaude aakulu a m'mipanda aja amaikira mazanamazana nthawi imodzi. Dzira lili ndi malire pochepa, popeza mwana woswa ayenera kutuluka ali ndi zonse zomuyenereza kudziyimira payekha, ndipo m'mimba ya mayi wochepa chonchi simungalowe ambiri.

Chiwalo chimene chinakana kuchepa mofanana ndi zinazo ndi ubongo. Pali lamulo lakale la sayansi ya zamoyo, lotchedwa ndi dzina la Haller, lonena kuti nyama ikamachepa thupi, ubongo wake umatenga gawo lalikulu la thupilo. Chifukwa chake n'chomveka. Maselo a ubongo sangachepe mpaka kalekale, pakuti lililonse liyenera kusunga malangizo onse achibadwa m'kati mwake. Timitsempha tonyamula mauthenga nato tikapyapyala mopitirira muyezo, mauthenga amayamba kusokonekera. Mu 2011 akatswiri a ku Smithsonian Tropical Research Institute ku Panama, kuphatikizapo William Eberhard ndi William Wcislo, anayeza mitundu isanu ndi inayi ya akangaude, kuyambira wamkulu wa ulusi wachikasu wofanana ndi athu aja mpaka tiana ta gulu la Mysmena, tomwe tili pachibale ndi banja tikukambali. Wamkuluyo ankalemera kuwirikiza ka 400,000 kuposa kakang'ono kwambiri. Anapeza kuti mwa tating'onoto ubongo ndi mitsempha yake zimadzaza pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a chigawo cha kutsogolo kwa thupi, mpaka kusefukira m'tsinde mwa miyendo. Ana a mitundu ina pachifuwa pamachita kutumphuka kuti ubongo upeze malo.

Ubongo umadya mphamvu zambiri kuposa ziwalo zina. Ngati kanyama kosakwana milimita kakulolera kunyamula katundu wodula chotere, ndiye kuti pali ntchito yofunika imene katunduyo akugwira. Kuti tiione ntchitoyo tiyenera kuonetsetsa mmene ukonde wozungulira umalukidwira, ndipo izi mungathe kudzionera nokha pa kangaude wamkulu wa kuseri kwa nyumba, madzulo kapena m'bandakucha.

Amayamba ndi ulusi umodzi wolumikiza mbali ziwiri, kenaka amamanga malire a ukonde wonse. Akatero amakoka ulusi wowongoka kuchokera pakati kukafika m'malire, wina uku wina uko, kuti mbali zonse zikokane mofanana. Ulusi wonsewu ulibe ulimbo. Ndiye amachoka pakati n'kumazungulira chopita kunja, akusiya ulusi wotalikirana woti azipondapo, umenenso ulibe ulimbo. Akafika kumphepete amatembenuka n'kuyamba kuzungulira chobwerera m'kati, tsopano akuika ulusi wa ulimbo uja wogwira tizilombo, uku akuchotsa wopondapo uja. Apa mpomwe pagona luso. Pa ulusi wowongoka uliwonse umene wafika, amatambasula mwendo wakutsogolo kukhudza mzere umene anaika ulendo wapitawo, n'kuyeza mpata, n'kumata ulusi watsopano pamalo oyenera. Sayang'ana ndi maso, amangodalira miyendo. Amabwereza zimenezi kambirimbiri mpaka ukonde utatha, ndipo paliponse ayenera kukumbukira kumene wachokera ndi kutalika kwa mpata wapitawo.

Kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti kangaude wochepetsetsa ayenera kumaphonyaphonya pantchito imeneyi, poti ubongo wake, ngakhale wadzaza thupi, ndi wochepabe kwambiri pouyerekeza ndi wa wamkulu. Eberhard anafuna kutsimikiza. Mu 2007 anafalitsa zimene anapeza atayeza mipata ya ulusi wa ulimbo m'maukonde a tiana ta Anapisona simoni, tolemera mosakwana mamiligalamu 0.005, n'kuyerekeza ndi ya akangaude olemera kuwirikiza kambirimbiri. Tating'onoto sitinkaphonya kuposa akuluakuluwo. Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi ndi yaikulu kuposa mbiri ya kuchepa ija, chifukwa ikutsutsa maganizo amene ambiri tili nawo osawaganizira n'komwe, akuti chinthu chikachepa ndiye kuti n'chosavuta kupangidwa kwake ndi zochita zake.

A Symphytognathidae amawonjezanso zina pamwamba pa ndondomeko ija. Ukonde wawo kawirikawiri umakhala chogona, wa masentimita ochepa chabe, m'mipata ya masamba ovunda, mu ndere kapena m'tinsi mwa mitengo. Akamaliza kuika ulusi wa ulimbo sapuma. Amabwerera kukamasula pakati n'kupamanganso, kuti ulusi wowongoka uja ukhwepe pang'ono, ndipo ambiri amawonjezera ulusi wina wowongoka wochuluka pamwamba pa ukonde womalizidwa kale. Zotsatira zake ndi ukonde wothithikana kwambiri, woti ngakhale kantchentche kochepetsetsa sikangapyole.

Banjali lili ndi abale ake, onse ang'onoang'ono, ndipo aliyense anaukhotetsa mwake ukonde wozungulirawu. A Anapidae amakoka pakati pa ukonde chokweza m'mwamba ndi ulusi wina womangirira pamwamba. Ambiri a Mysmenidae amamwaza ulusi mbali zonse, ukonde n'kukhala wobulungira m'malo mwa wophwatalala. Ena analeka kuluka n'kuyamba kudya za eni: Curimagua bayano wa ku Panama, yemwe ndi wa Symphytognathidae, amakhala paukonde wa kangaude wamkulu n'kumayamwa nawo chakudya chimene mwini wake wagwira.

Ochititsa chidwi kwambiri ndi a Theridiosomatidae, amene akatswiri ena amawatcha akangaude a legeni. Uyu akaluka ukonde amamangirira ulusi umodzi kuchokera pakati kukafika pakamtengo kapafupi. Miyendo yakumbuyo imagwira ukonde, yakutsogolo imakoka ulusi uja pang'onopang'ono mpaka ukonde utakungika n'kusongoka pakati. Amatha kukhala atakoka choncho nthawi yaitali. Kachilombo kakayandikira amangotaya ulusiwo, ndipo ukonde wonse pamodzi ndi iye mwini umafwamphukira kutsogolo kukakuta nyamayo. Mu 2020 Symone Alexander ndi Saad Bhamla a ku Georgia Institute of Technology anajambula zimenezi m'nkhalango ya ku Peru ndi makamera othamanga kwambiri, ndipo anapeza kuti ukondewo umafika liwiro la mamita anayi pasekondi, ndipo umanyamuka ndi mphamvu yoposa ya chinthu chongogwa chokha kuwirikiza ka 130. Mu 2024 Sarah Han ndi Todd Blackledge a ku University of Akron anaonetsanso kuti kangaudeyu sadikira kuti udzudzu ukhudze ukonde, kulira kwa mapiko ake kokha kumakwanira kuti atayirire. Gulu lina la banja lomweli, Wendilgarda, limatsitsa ulusi wa ulimbo n'kuumata pamwamba pa madzi a mumtsinje, kuti tizilombo toyandama tikodwe tikamadutsa.

Nanga mabanja onsewa ndi a kholo limodzi? Funso limeneli lavutitsa akatswiri kwa zaka zoposa 60. Mu 1959 Ray Forster wa ku New Zealand anaphatikiza Anapidae, Mysmenidae ndi Symphytognathidae kukhala banja limodzi. Mu 1977 iye yemweyo pamodzi ndi Norman Platnick anawalekanitsanso. Gwero la vutoli ndi kuchepa komweko. Akangaude awiri osachokera kumodzi, aliyense akachepa payekha, amataya zinthu zofanana: mapapo, maso ena, timanja ta wamkazi. Pamapeto pake amaoneka ngati apachibale chonsecho angofanana posowa. Kufufuza kwa DNA (malangizo achibadwa a m'maselo aja) kutabwera anthu anayembekeza kuti mkangano watha, koma mayankho ankasiyana malinga ndi mbali ya DNA imene yayezedwa. Kafukufuku wina amawaika onse pamodzi, wina amawamwaza. Nkhaniyi si yongokangana mayina chabe, chifukwa yankho lake ndi limene lingatiuze ngati kuchepa kotereku kunachitika kamodzi kokha m'mbiri ya akangaude kapena kangapo.

Tsopano tibwere kwathu kuno, chifukwa pali vuto limodzi limene kuchepa kumabweretsa ndipo silithawika. Ndi kuuma. Mayi aliyense woyanika makaka amadziwa kuti chinangwa chodulidwa tizidutswa ting'onoting'ono chimauma msanga kuposa chachikulu. Masamu ake ndi awa: chidutswa cha sentimita imodzi mbali zonse mukachiduladula kukhala tizidutswa ta milimita imodzi, mupeza tizidutswa 1,000, ndipo malo okhudzana ndi mphepo awirikiza ka 10 pomwe chinangwacho n'chomwecho. Kangaude wa theka la milimita ali ndi khungu lambiri poyerekeza ndi madzi amene thupi lake lasunga. Mphepo youma imene ifeyo sitingaimve n'komwe ikhoza kumupha. N'chifukwa chake tiakangaudeti timapezeka m'malo amene chinyezi sichichoka chaka chonse: pansi pa masamba ovunda a m'nkhalango zowirira, mu ndere, m'mphepete mwa mitsinje ndi mathithi, ndi m'mapanga.

Malo otere ndi amene phiri la Mulanje lili nawo, makamaka mbali ya kummwera ndi kum'mawa kumene mvula imapitirira mamilimita 2,000 pachaka ndipo chiperoni chimabweretsa nkhungu ngakhale m'chilimwe. Lowani m'nkhalango ya m'chigwa cha Ruo, kumtunda kwa minda ya tiyi ya Lujeri, mupise dzanja pansi. Pamwamba pali masamba ouma pang'ono. Mukafukula mupeza akuda, onyowa, omatana ndi timizu toyera ta bowa, ndipo pansi pake pali dothi lofewa lonunkhira chivundi. Muzikhala phee kamphindi, muona tinthu tikuyenda, tina tikudumpha. M'masentimita ochepa amenewo muli zamoyo zochuluka kwambiri, ndipo akangaude ang'onoang'ono ndiwo alenje a mmenemo. Phirili linadziwika kale kuti lili ndi zamoyo zosapezeka kwina kulikonse, monga mkungudza wa Mulanje ndi nanzikambe wotchedwa Nadzikambia mlanjensis. Zimenezi zinadziwika msanga chifukwa zimaoneka ndi maso.

Nkhalango ya phiri la Mulanje inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1927, ndipo UNESCO inaiika m'gulu la malo osungirako zachilengedwe mu 2000. Komabe tonse tikuona zimene zikuchitika. Nkhalango ya Chisongeli, yomwe inali yaikulu kwambiri, mbali yaikulu inatha. Paphiri la Thyolo nkhalango yachilengedwe inagwetsedwa pafupifupi yonse n'kusanduka minda, ndipo zigawo zotsala zili makamaka m'malo a maesiteti monga Satemwa. Chaka chilichonse kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa timaona moto ukuyaka m'phiri usiku. Sindikunena izi ponyoza wootcha makala kapena wolima m'mphepete mwa phiri. M'maboma awiriwa anthu ndi ochuluka, malo olima ndi ochepa, ndipo banja liyenera kudya. Koma tikamawerengera zimene zawonongeka timawerenga mitengo yokha, ndipo kuwerenga kumeneko n'koperewera.

Mtengo waukulu ukagwa, dzuwa limafika pansi n'kuumitsa masamba aja. Moto ukadutsa, ngakhale wongoyenda pansi osapsereza mitengo, umanyambita chofunda chonsecho m'kamphindi. Mbalame iuluka, nyani athawa, koma kanyama kosakwana milimita sikangapite patali. Ndipo kubzala mitengo, ngakhale ndi ntchito yabwino yofunika kuilimbikitsa, sikubweza zimenezi msanga. Pansi pa bulugamu kapena paini pamakhala mosiyana kwambiri ndi pansi pa nkhalango yachilengedwe, masamba ake ndi amtundu umodzi ndipo savunda mofanana. Kwa ine, chigawo chaching'ono cha nkhalango yakale chimene chatsala m'khwawa n'chofunika kuchitchinjiriza ku moto choyamba, chifukwa ndi mmene mungachokere zamoyo zodzabwerera m'malo obzalidwa kumene.

Kuti mtundu wonse ukhoza kukhala pamalo amodzi ochepa si nkhambakamwa. Mu 2009 Pedro Cardoso ndi Nikolaj Scharff analemba za Anapistula ataecina, kangaude wopanda maso wa m'mapanga a pafupi ndi Sesimbra ku Portugal, woyamba wa banja la Symphytognathidae kupezeka ku Ulaya. Onse amene anapezeka ndi aakazi, moti akatswiri akuganiza kuti amabereka popanda wamwamuna. Amadziwika m'mapanga owerengeka okha, pafupi ndi pamene makampani amaphwanya miyala, ndipo bungwe loona za kusamala zachilengedwe padziko lonse la IUCN linamuika m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Ulaya ndi dera limene akangaude ake afufuzidwa kwa zaka mazana, koma ameneyu anakhala osadziwika mpaka posachedwapa.

Mwina wina afunsa kuti phindu lake n'chiyani. Sindinganene kuti tiakangaudeti tingathetse malungo, ngakhale a legeni aja amadya udzudzu ndi tintchentche tina. Tiakangaudeti sitiluma munthu, nsagwada zake sizingaboole khungu. Phindu limene ndingaliyimire kumbuyo ndi lakuti, poti sitipirira kuuma, kupezeka kwake kumasonyeza kuti pansi pa nkhalango pakadali chinyezi, ndipo chofunda chonyowa chomwecho n'chimene chimathandiza madzi a mvula kulowa m'nthaka pang'onopang'ono m'malo mothamanga pamwamba. Mitsinje ya Ruo, Lichenya, Likhubula ndi Thuchila imayambira m'phiri la Mulanje lomweli.

Kufufuza tizilomboti sikufuna zipangizo zodula. Njira imene akatswiri amagwiritsa ntchito kuti aone ukonde ndi kuuzira ufa wosalala kwambiri m'mipata ya mizu, m'mphako ndi pansi pa zipika zovunda. Iwo amakonda ufa wa sitachi wa chimanga, koma ufa woyera wosefa bwino ungathandizenso. Mumauika m'kansalu kopyapyala n'kumagwedeza pang'onopang'ono pamwamba pa malowo, tochi ili m'dzanja lina. Pamene panaoneka ngati palibe kanthu pamatulukira kaukonde koyera, ndipo kadontho kali pakati kapena pambali ndiye mwini wake. Njira ina ndi kusefa masamba ovunda pasefa wa mabowo akuluakulu, zogwera pansizo n'kuziika m'thumba la nsalu lolendewera kwa masiku angapo. Zinyalalazo zikamauma, tizilombo timatsika kuthawa kuuma n'kugwera m'kabotolo ka spiriti kamene kali kunsi.

Chovuta chimabwera pambuyo pake. Kuti mudziwe mtundu weniweni pamafunika maikulosikopu yamphamvu, chifukwa mitundu imasiyanitsidwa poyang'ana ziwalo zoberekera za kanyama kamene konse sikakwana milimita. Apa mpamene sukulu zaukachenjede zingagwire ntchito, ndipo ina ili pafupi pomwepa, Malawi University of Science and Technology ku Ndata m'boma la Thyolo. Wofuna kutolera zamoyo m'nkhalango yotetezedwa ayenera kuyamba wapeza chilolezo ku nthambi ya zankhalango. M'kabotolo kalikonse muzikhala kapepala kolembedwa ndi pensulo, poti inki imasungunuka mu spiriti, kosonyeza malo enieni, tsiku, kukwera kwa malowo ndi mtundu wa nkhalango. Kangaude wopanda kapepala kameneka katswiri sangamugwiritse ntchito, ngakhale atakhala mtundu umene sunalembedwepo.